Namondwe wa Freddy ku Phalombe: mmene chenjezo linayendera pa foni kufika m'midzi

Lipoti ili likufotokoza mmene machenjezo a namondwe wa Freddy anayendera kuchoka kwa akatswiri a zanyengo kufika pakhomo la munthu m'midzi ina ya boma la Phalombe m'Malichi 2023. Ndikulemba ngati mmodzi wa alangizi amene timagwira ntchito ndi makomiti a m'midzi oona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, omwe anthu amangowatchula kuti ma VCPC. Sinditchula midzi kapena anthu. Chimene ndikufuna kuonetsa n'chakuti uthenga womwewo, wotumizidwa tsiku lomwelo pa mafoni amtundu womwewo, unapulumutsa anthu kuchigwa koma unasiya anthu a m'tsinde mwa mapiri atakhala phee m'nyumba zawo.

Dera ndi dongosolo lomwe linalipo

Midzi yomwe timagwirako ntchito ili pawiri. Ina ili kuchigwa, kumene mtsinje wa Phalombe umafatsa n'kumalowera kumadambo a nyanja ya Chilwa. Kumeneko madzi osefukira ndi mlendo wa chaka ndi chaka, ndipo anthu amadziwa nyumba zomwe zimayamba kulowa madzi. Midzi ina ili m'tsinde mwa Michesi ndi Mulanje, cha ku Nkhulambe, kumene nthaka ndi yachonde, minda ya chimanga ndi nandolo inakwera m'mapiri, ndipo madzi a mvula sachedwa pakhomo.

Zolosera za nyengo m'Malawi zimatuluka ku nthambi yoona za nyengo ndi kusintha kwa nyengo, DCCMS, yomwe likulu lake lili ku Blantyre. Za anamondwe a kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya Indian, amene amatsatira njira yawo usana ndi usiku ndi a Météo-France pa chilumba cha La Réunion, ndipo akatswiri athu amaphatikiza zimenezo ndi miyeso yawo. Chikalata chikatuluka chimaulutsidwa pa wailesi, chimaikidwa pa Facebook, chimatumizidwanso m'magulu a WhatsApp, kuphatikizapo la Weather Chasers limene anthu a m'maboma osiyanasiyana amatumizamo zithunzi za mvula ndi mphepo ya kwawo. Nthambiyi ili ndi app yakenso yotchedwa Zanyengo. Amene ali ndi foni ya mabatani pa Airtel atha kuimba 321 n'kumvetsera uthenga wa mawu m'Chichewa. Za kusamutsa anthu ndi kutsegula makampu zimadutsa ku nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ndi ku khonsolo ya boma.

Njira zonsezi n'zabwino, koma zimathera pa munthu amene ali ndi foni yoyaka, yokhala ndi mayunitsi, pamalo ogwira netiweki. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja okhala ndi foni anali pafupifupi theka, ndipo owunikira magetsi anali pafupifupi 11 pa 100 aliwonse. Kumidzi yathu foni yamakono imapezeka kwa aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, anyamata a kabaza wa njinga yamoto ndi amalonda ochepa. Choncho ntchito yathu inali kulumikiza pomwe intaneti imathera ndi pomwe mudzi umayambira. Komiti iliyonse inali ndi munthu mmodzi kapena awiri m'gulu lathu la WhatsApp. Chikalata cha DCCMS chikafika tinkachifupikitsa m'Chichewa, kuchijambula ngati uthenga wa mawu, n'kutumizanso SMS kwa atcheyamani, nyakwawa ndi magulupu omwe ali ndi mafoni a mabatani. Kuchoka apo ntchito inkatsala ndi chimkuzamawu, wenzulo, ng'oma ndi miyendo.

Kumtsinje kunali mageji, timitengo tachitsulo topakidwa mitundu itatu: wobiriwira, wachikasu ndi wofiira. Wowerenga geji wa kumtunda akaona madzi afika pachikasu amaimbira mnzake wa kumunsi. Akafika pofiira, akumunsi amaliza wenzulo. Pamitsinje ina ya m'bomali pulojekiti ya M-CLIMES, yomwe boma linayendetsa ndi UNDP ndi ndalama za Green Climate Fund, inaika zipangizo zoyeza madzi zomwe zimatumiza zokha uthenga pa foni. Dongosolo lonseli linamangidwa poganizira mtsinje, ndipo mfundo imeneyi ibweranso kutsogoloku.

Febuluwale: namondwe amene sanafike

Freddy anayambira kutali, cha kumpoto chakumadzulo kwa Australia, kumayambiriro a Febuluwale, n'kuwoloka nyanja yonse ya Indian. Anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, n'kulowa ku Mozambique cha ku Vilankulo pa 24. Masiku amenewo mafoni a ku Phalombe anadzaza ndi zithunzi zochokera pa Windy, app yomwe imaonetsa mphepo ikuzungulira pamapu ndi mitundu yoopsa. Anthu ankazitumiza popanda tsiku, popanda kunena kuti chithunzicho n'cha lero kapena cholosera za masiku asanu ndi awiri kutsogolo. Mauthenga a mawu a anthu osadziwika ankati namondwe alowa m'Malawi mawa m'mawa. Sanalowe. Anatembenuka n'kubwerera kunyanja.

Ulendo woyambawu unatidyera chikhulupiriro. Akatswiri sananame, koma kumudzi munthu salekanitsa chikalata cha boma ndi chithunzi chomwe mlamu wake wa ku Johannesburg wamutumizira. Zonse amati "zabwera pa foni". Titayamba kuchenjeza kachiwiri m'Malichi, yankho loyamba m'misonkhano linali lakuti, "Si yemwe uja munkanena mwezi watha?" Anali yemweyodi. Pambuyo pake bungwe loona za nyengo padziko lonse la WMO linatsimikiza kuti Freddy anakhala masiku 36, kuposa namondwe aliyense wolembedwa m'mabuku awo, koma pa nthawiyo kufotokozera nyakwawa kuti chimphepo chomwecho chabwerera chinali chinthu chovuta.

Kuyambira Loweruka pa 11 Malichi

Freddy anagundanso Mozambique pafupi ndi Quelimane usiku wa Loweruka pa 11 Malichi. Machenjezo a DCCMS anali atayamba kutuluka masiku angapo zisanachitike, ndipo anatchula maboma a kumwera. Unduna wa zamaphunziro unaimitsa sukulu m'maboma omwe anali pachiopsezo, ndipo kunena zoona, chinthu chimenechi chinagwedeza makolo kuposa uthenga uliwonse wathu. Ana atabwera kunyumba n'kunena kuti Lolemba kulibe sukulu, ndi pomwe ambiri anayamba kufunsa kuti kodi zilidi zoona. Lamulungu tinapempha atsogoleri a mipingo kuti alengeze m'matchalitchi, ndipo mashehe analengeza m'mizikiti.

Mvula inayamba ngati yamvumbi wamba, yosabangula, koma sinkakata. Lolemba pa 13 kunamveka za Chilobwe, kumene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku anthu ali mtulo, ndipo tsiku lomwelo Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera analengeza kuti chigawo cha kumwera chili pangozi. Ku Nkhulambe choyezera mvula chinalemba mamilimita 1,078 m'masiku anayi okha, yoposa imene madera ambiri a dziko lino amalandira dzinja lonse.

Kuchigwa

Kuchigwa dongosolo linayenda monga momwe tinkayeserera. Wowerenga geji wina, bambo wachikulire wosamalira bwino zinthu zake, ankasunga foni yake ya mabatani m'pepala la shuga, atalimanga ndi mphira, n'kuipachika m'khosi mkati mwa malaya. Usiku ankatsika kumtsinje ndi tochi, mwana wake atamugwirira ambulera. Mayunitsi atamuthera anayamba kungoflasha monga tinagwirizanirana: kamodzi ngati madzi ali pachikasu, katatu motsatizana ngati afika pofiira. Wa kumunsi akaona mafulashi atatu sankadikiranso kufunsa. Kaflashidwe kameneka si kolembedwa m'buku lililonse la maphunziro athu. Anakapanga okha mamembala a makomiti, atatopa ndi kudikira mayunitsi omwe amabwera mochedwa.

Madzi a mtsinje akachoka kumtunda amatenga maola kuti afike kumadambo, ndipo maola amenewo ndi omwe foni imagula. Anthu anakwanitsa kutulutsa ana, okalamba ndi mbuzi, kukweza matumba a chimanga padenga kapena pathandala, n'kupita kusukulu yomwe aliyense ankaidziwa kale. Si onse anachoka msanga. Abambo ambiri anatumiza akazi ndi ana, iwo n'kutsala kulondera katundu, chifukwa pa anamondwe a Ana ndi Gombe mu 2022 ena anabwerako kukampu n'kupeza nkhuku ndi malata zitapita. Ena ankaopa kolera, yomwe nthawi imeneyo inali itavuta dziko lonse, ndipo kugona anthu ambirimbiri m'kalasi imodzi sikunkawasangalatsa. Koma ngakhale otsalawo ankadziwa kuti madzi ali pati, ndipo wenzulo womaliza utalira anathawa akuona njira. Nyumba zinagwa, minda inakokoloka, anthu a m'midzi imene ndikunenayi anatuluka amoyo.

M'tsinde mwa phiri

Kuphiri uthenga unafikanso. Izi ndikunena motsindika, chifukwa pambuyo pake kunamveka mawu akuti anthu sanachenjezedwe. Titayenda m'makampu madzi ataphwa n'kumafunsa opulumuka, ambiri anati anamva: ena pa wailesi, ena kutchalitchi, ena kwa mwana wasukulu, ena pa chimkuzamawu cha komiti. Funso lomwe linatitsegula maso linali lachiwiri: munamva kuti chiyani?

Pafupifupi onse anayankha mofanana. Anamva kuti kukubwera mvula yambiri ndi mphepo, ndipo okhala m'malo otsika ndi m'mbali mwa mitsinje asamukire kumtunda. Chikalata chikamayenda kuchoka pa tsamba lathunthu kufika pa SMS, kuchoka pa SMS kufika pakamwa pa wolengeza amene akuyenda mumvula, chimafupika, ndipo chimatsala ndi mawu amene anthu anazolowera kumva chaka ndi chaka. Mawu ozolowereka m'dziko muno ndi a madzi osefukira a ku Nsanje ndi Chikwawa: thawirani kumtunda. Munthu amene nyumba yake ili m'tsinde mwa Michesi akamva zimenezo amadziona kuti ali kale kumtunda. Mayi wina anandiuza kuti, "Alangizi, ife tinkamvera chisoni anzathu akudambo. Mpaka tinakonza malo kuti achibale akabwera agone." Mabanja ena analandiradi abale ochokera kumunsi, amene anatsatira uthenga bwinobwino n'kukagona m'njira ya napolo.

Napolo sadutsa pa geji. Nthaka ya m'phiri ikakhuta madzi kwa masiku atatu imamasuka, n'kutsika pamodzi ndi miyala ikuluikulu ndi mitengo, kutsata makwawa akale, ndipo kuchoka pomwe yagumuka kufika pamudzi ndi mphindi zochepa. Palibe wa kumtunda woti aimbe foni, chifukwa kumtunda kwake ndi thanthwe. Chenjezo lothandiza pamenepa liyenera kubwera dzulo lake, mvula ikadali yoyendeka, ndipo liyenera kutchula malo: nyumba za m'mbali mwa khwawa lakutilakuti zichoke lero dzuwa lisanalowe, zipite kwakutikwakuti. Uthenga wotere DCCMS singaulembe ili ku Blantyre, ndipo palibe app imene ingaulembe, chifukwa makompyuta olosera amagawa dziko m'mabokosi a makilomita angapo ndipo khwawa limodzi silioneka m'menemo. Woulemba ndi komiti ya pamudzi, ngati inakhalapo pansi kale n'kujambula mapu a makwawa ake. Mapu a makomiti a kuphiri anali ndi mitsinje, milatho, zitsime ndi sukulu. Njira za napolo munalibe.

Chodabwitsa n'chakuti chidziwitsocho chinalipo pamudzi. M'Malichi 1991 napolo wochokera m'Michesi anapha anthu mazanamazana ku Phalombe, ndipo ngozi imeneyo ndi yomwe inachititsa kuti dziko likhale ndi lamulo loona za ngozi la chaka chomwecho. Miyala yomwe inatsika nthawi imeneyo ikadalipo m'minda, ana amaseweretsapo. Agogo ena atationetsa mzere wa miyalayo kuseri kwa nyumba zatsopano anangoti, "Madzi saiwala khwawa." Iwo alibe foni, sali m'komiti, ndipo palibe anawafunsa pomwe mapu ankajambulidwa. Achinyamata omwe anali ndi mafoni anabadwa 1991 itadutsa.

Magetsi, netiweki ndi mwini foni

Lolemba lomwelo makina opangira magetsi pa Shire anaimitsidwa chifukwa cha zinyalala zomwe madzi anakokolola, ndipo dziko linali mumdima. Kumudzi anthu amatchajitsa pa sola za pagolosale kapena kwa ometa, koma dzuwa linali lisanaoneke kwa masiku. Mafoni amakono ndiwo anayamba kuzima; a mabatani anapirira. Kenako netiweki inayamba kudukaduka mpaka kutheratu m'malo ena. Milatho itaduka, Nkhulambe inakhala payokha, chipatala chake chitawonongeka, ndipo nkhani za kumeneko zinkatuluka ndi anthu oyenda pansi. Gulu lathu la WhatsApp, lomwe Loweruka linali piringupiringu, linangoti zii nthawi yomwe tinkalifuna kwambiri. Chomwe chinkalankhulabe ndi wailesi ya mabatire, ndipo ambiri anatchula Mzati FM ya ku Mulanje, Zodiak ndi MBC.

Pa nkhani ya mwini foni ndingonena mwachidule. M'mabanja ambiri foni ndi ya bambo, ndipo bambo akapita kumsika kapena kukagwira ganyu kutsidya la malire, chenjezo limapita naye m'thumba. SMS imafunanso wodziwa kuwerenga. Agogo olankhula Chilomwe ankamva bwino uthenga wa mawu, makamaka ukajambulidwa ndi munthu amene mawu ake amawadziwa.

M'dziko lonse, kafukufuku wa boma wa pambuyo pa ngoziyi analemba anthu 679 omwalira ndi 537 osowa, ndipo oposa 659,000 anasowa pokhala.

Zomwe tasintha

Mu Epulo 2023 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo latsopano loona za ngozi, lolowa m'malo mwa la 1991. Ife kumbali yathu tinayamba ndi mapu. Komiti iliyonse ya kuphiri inayenda ndi akuluakulu a m'mudzi kutsata makwawa, kulemba nyumba zomwe zili m'njira, ndi kusankha pothawira pomwe si pansi pa phompho komanso sipafuna kuwoloka mtsinje. Ntchitoyi inali ndi mikangano yake, chifukwa kulemba nyumba ya munthu pamndandanda wa malo oopsa kuli ngati kumuuza kuti asamuke, pamene alibe kwina kolima.

Tsopano chikalata chimodzi cha DCCMS timachigawa pawiri. Akuchigwa amalandira wawo wa madzi osefukira. Akuphiri amalandira wina, ndipo mawu akuti "kumtunda" sitiwaikamo. Timatchula dzina la khwawa ndi dzina la sukulu kapena tchalitchi. Uthenga uliwonse wa mawu umayamba ndi dzina la wolankhula, tsiku ndi ola, kuti ukadzazungulira sabata yamawa anthu adziwe kuti ndi wakale. Tinagwirizananso ndi mamembala kuti m'gulu la machenjezo musalowe zithunzi za Windy kapena Yr. Ma app amenewa ndimawagwiritsa ntchito inenso ndipo amathandiza kuona kumene zinthu zikulowera, koma chenjezo lomwe tingaimirire nalo pamaso pa gulupu ndi la nthambi ya boma lokha.

Makomiti a kuphiri aphunziranso zizindikiro zomwe munthu angaone ndi maso: ming'alu yatsopano m'munda kapena pakhoma, akasupe otumphuka pomwe panalibe, mitengo yopendekeka, madzi a khwawa kusanduka phala la matope, ndiponso choopsa kwambiri, khwawa kuphwa mwadzidzidzi mvula ikugwa, kusonyeza kuti kumtunda kwatsekeka ndipo pakhoza kuphulika nthawi iliyonse. Pasukulu zina tinaika zoyezera mvula zapulasitiki, ndipo mphunzitsi amatumiza muyeso m'mawa uliwonse. Mvula yambiri ikagwa masiku awiri otsatizana ndipo zolosera zikunena kuti ipitirira, komiti ili ndi mphamvu yoliza wenzulo osadikira foni yochokera kuboma. Wapampando aliyense ali ndi foni ya mabatani, batire yapadera ndi kawailesi kopukusa.

Namondwe wa Chido mu Disembala 2024 ndi wa Jude mu Malichi 2025 anatipatsa mpata woyesa. Uthenga wa kuphiri unatuluka pawokha, mabanja a pamndandanda anakagona kusukulu, ena monyinyirika, ndipo m'midzi imeneyi phiri silinagumuke. M'mawa mwake ena anatiseka kuti tawagonetsa pasimenti pachabe. Apa pali ngozi yofanana ndi ya Febuluwale 2023: chenjezo la napolo lidzakhala "lonama" nthawi zambiri, chifukwa palibe angalosere kuti ndi khwawa liti ligumuke usiku uti. Chimene tikuchita n'kubwerera kumudzi pakatha chenjezo lililonse, kufotokoza kuti mvula inagwa yochuluka bwanji ndi chifukwa chake tinaliza wenzulo, m'malo mongokhala chete mpaka namondwe wina.

Bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 2022 cholinga choti pofika 2027 munthu aliyense padziko azifikiridwa ndi machenjezo, ndipo misonkhano yambiri ya zimenezi imathera pa ma app. Mwa zonse zamakono, chomwe ndikuona kuti chingatithandize kuno ndi njira yotchedwa cell broadcast, yomwe imatumiza uthenga nthawi imodzi ku foni iliyonse yomwe ili pansi pa nsanja zosankhidwa, popanda kudziwa nambala, popanda bandulo, ndipo siithinana ngati SMS. Ndi imeneyo, nsanja zoyang'ana kuphiri zikhoza kulandira uthenga wosiyana ndi za kudambo. Kuti itheke pafunika mgwirizano wa bungwe loyang'anira za mafoni ndi mawailesi la MACRA, makampani a mafoni, DCCMS ndi DoDMA, komanso mabatire okwanira pansanja kuti zisazime magetsi akathima.

Vuto lomwe latsala patebulo la makomiti chaka chino si la foni. M'midzi iwiri ya kuphiri, malo okhawo okwana anthu onse ndi sukulu yomwe ili tsidya lina la mtsinje wopanda mlatho, ndipo tchalitchi chomwe chili tsidya lino chili pansi pa khwawa lomwe linatsika mu 2023. Makomiti apempha gulupu kuti apereke malo pachitunda china chapafupi pomangapo holo, ndipo nkhaniyi ili ku komiti ya chitukuko ya dera. Mpaka itatheka, uthenga wa midzi imeneyi ukunena kuti anthu awoloke mtsinje madzi akadali pobiriwira, kutanthauza kuchoka panyumba tsiku lathunthu mvula yoopsa isanayambe.